Kuchokera ku Isle of Man Kufika pa Kachulu: Mbiri ya Kutchuna Njinga Yamoto

Sabata ino ndakatulo tiziike kaye pambali, tide m'manja ndi oilo.

Mukadzapita ku Kachulu, doko la nyanja ya Chilwa limene lili makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, musadzathamangire kujambula mabwato. Mudzayambe mwayang'anitsitsa njinga zamoto zimene zimaima pamenepo kudikira anthu ndi nsomba. Mudzaona kuti n'zochepa zimene zili momwe zinatulukira kufakitale. Kaliyala ndi wowotcherera, wa zitsulo zomangira nyumba zija. Mashokapu akumbuyo pena ndi anayi m'malo mwa awiri. Mpando anautalikitsa. Madigadi akutsogolo anawakweza, kapena anangowachotseratu. Ekizozi ikulira ngati chigayo cha dizilo. Ena mwa inu munena kuti uku n'kuononga katundu. Ine ndikuti uku n'kutchuna, ndipo lusoli lili ndi mbiri imene inadutsa m'mabwalo a mpikisano a ku Ulaya, ku Bulawayo, ku Japan ndi ku China lisanafike kwa amakaniko athu a pansi pa mtengo wa mango. Vuto ndi loti tinalandira theka la lusolo, ndipo theka limene linatsalira m'njira ndi limene likudzaza mabedi m'zipatala.

Tiyambire kutali. Njinga yamoto yoyamba kupangidwa yambirimbiri n'kumagulitsidwa inali ya Hildebrand & Wolfmüller, ku Germany, mu 1894. Munthu ndi munthu basi: akangopeza chinthu choyenda, amafuna aone ngati chake chingapitirire cha mnzake. Koma ku Britain malamulo ankaletsa mipikisano pa misewu ya boma, choncho okonda liwiro anawolokera pa chilumba cha Isle of Man, chimene chili ndi nyumba ya malamulo yakeyake imene inalola kutseka misewu. Mu 1907 kunayamba mpikisano wa Tourist Trophy, umene mpaka lero umangotchedwa TT. Mmodzi mwa opambana chaka chimenecho, Charlie Collier, anakwera njinga ya Matchless, yopangidwa ndi kampani ya banja lake lomwe. Wokwera ndi makaniko anali munthu mmodzi. Ndipo ichi chikusangalatsani inu amene mwagonapo pamzere wa pa filing'i: pa mpikisano woyambawo petulo ankachita kuwapimira. Kupambana kunali kuthamanga, inde, komanso kufika petulo asanathe.

Nthawi imeneyo kuno ku Nyasaland bwana ankayenda pa machila, makolo athu atasenza. Njinga zamoto zinafika ndi azungu a boma, amishoni ndi asilikali, makamaka pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 pamene zinkathamangitsa makalata. Anthu athu anazimvetsera n'kuzipatsa dzina loyenera, mthuthuthu. Koma kukwerapo kunali kwa eni ake.

Pano pali kachigawo ka mbiri kamene ambiri sitikadziwa. M'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, pamene Nyasaland anaimangirira pamodzi ndi ma Rhodesia awiri aja, ena mwa akatswiri othamangitsa njinga padziko lonse ankachokera m'chitaganya momwemo. Ray Amm wa ku Salisbury anapambana mipikisano iwiri ikuluikulu ya TT mu 1953 pa njinga ya Norton, ndipo anafera pa bwalo la Imola ku Italy mu 1955. Gary Hocking, wokulira ku Bulawayo, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1961 m'magulu a 350cc ndi 500cc pa njinga ya MV Agusta. Jim Redman, wa ku Bulawayo komweko, anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi pakati pa 1962 ndi 1965 akukwera Honda. Tsono Bulawayo ndi Salisbury ndi mizinda yomweyo imene agogo athu, machona aja, ankagwira ntchito ku njanji, m'makhitchini ndi m'magalaja. Kusiyana kwake kunali kwa lamulo. Ku Southern Rhodesia lamulo la ntchito la 1934 silinkamuwerengera munthu wakuda ngati wantchito woyenera kuphunzitsidwa luso mwadongosolo. M'galaja iye anali wopatsira sipanala. Ankaphunzira ndi maso, ndi makutu, ndi kupsa zala. Mukaona lero makaniko wa pa Matawale kapena pa Jali akutchera khutu ku injini n'kunena kuti mavavu atalikirana, musamuderere. Sukulu ya khutu imeneyi ndi yakale, ndipo inayamba chifukwa ina ija inali yotseka.

Tsono kodi munthu wokonzekera kukathamanga pa bwalo amachita chiyani ku njinga yake? Ambirife timaganiza kuti amayambira ku injini. Ayi ndithu. Amayamba n'kuchotsa: magalasi oonera kumbuyo, nyali, maindiketa, sitandi, popondera wokwera wachiwiri, chilichonse cholemera chopanda ntchito kapena chimene chingasweke n'kumwazikira anzake panjira. Akatero amapita ku matayala, ndipo mpweya wake amaupima asananyamuke ndi atangobwerako, chifukwa tayala likatentha mpweya umakwera. Kenako mabuleki. Timapaipi ta labala amatichotsa n'kuika tokulungidwa ndi waya wachitsulo kuti tisamafufume akafinya, ndipo mafuta a buleki amathira atsopano, osachedwa kuwira ayi. Kenako mashokapu: wokwerayo amakhala panjinga atavala zonse, mnzake n'kuyeza ndi tepi kuti njingayo yatsika motani, ndipo kawirikawiri amafuna mamilimita 30 mpaka 35. Bawuti wotsekera oilo amamuboola kabowo n'kumumangirira ndi kawaya kuti asamasuke, poti oilo akatayikira pa bwalo amagwetsa aliyense wobwera m'mbuyo. Injini imakhudzidwa kumapeto. Ndipo asanalowe m'bwalo pali anthu oyendera amene amagwedeza gudumu, kufinya buleki, kuyang'ana chipewa. Yolephera imabwezedwa, kaya mwini wake ndi wotchuka bwanji.

Sungani ndondomeko imeneyi, tiifunanso.

Achinyamata a ku London a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, amene ankasonkhana pa Ace Cafe, anali oyamba kutchuka ndi kukopera maonekedwe a njinga za mpikisano n'kupita nawo pa msewu wa aliyense. Ankatsitsa mahandulo, kuchotsa sailensa, ena kuika injini ya Triumph mu felemu ya Norton n'kuitcha Triton, cholinga chili chofika mamailosi 100 pa ola, amene ndi makilomita 160. Oyendera kunalibe. Mungoona kuti matenda okonda phokoso sanayambire kwa anyamata athu.

Koma injini imene ikulira pa Kachulu ili ndi kholo lina, ndipo apa ndi pamene nkhani ikukomera. Soichiro Honda nayenso anayamba ngati wotchuna. Mu 1946, Japan itasakazika ndi nkhondo, iye ankatenga timainjini totsala kwa asilikali n'kumatimangirira pa njinga zakapalasa. Kampani anaikhazikitsa mu 1948. Mu 1954 anapita kukaonerera TT, n'kubwerako atazindikira kuti njinga zake zinali kutali kwambiri ndi za ku Ulaya. Kampani yake inatumizako timu mu 1959, ndipo mu 1961 njinga za Honda zinatenga malo asanu oyambirira m'gulu la 125cc ndi la 250cc momwe. Injini zimenezo zinali zosalimba mtima ndi uve: zothamanga kwambiri, zofuna oilo woyera ndi makaniko wosamala. Nzeru yomweyo inalowa m'njinga zogulitsa, zimene kamushafuti yake, kachitsulo kotsegula ndi kutseka mavavu, inali pamwamba pa injini, kutali ndi pamene oilo amakhala.

Ku Japan zinkayenda bwino. M'maiko osauka zinkafa msanga. Mu 1974 kampaniyo inatumiza akatswiri awiri, Takeshi Inagaki ndi Einosuke Miyachi, kuti akaone okha ku Thailand, Malaysia, Indonesia, Philippines, Iran ndi Pakistan. Zimene anakaona mukuzidziwa kale inu, ngakhale simunapiteko. Njinga imodzi anthu atatu kapena anayi, mwana pathanki. Nkhuku, nkhumba, masamba. Oilo wosasinthidwa mpaka kusanduka phala lakuda. Sefa ya mpweya yapepala itauma gwa ndi fumbi. Tcheni chokokedwa mpaka polekezera. Anthuwo sankabwera kugalaja njinga isanaime. Chimene ndimawalemekezera akuluakulu awiriwa n'choti sanabwerere kwawo n'kukalemba lipoti lakuti anthu aphunzitsidwe kaye. Anakasintha njinga. Mu 1975 kunatuluka Honda CG125. Kamushafuti anaitsitsira m'munsi, pafupi ndi oilo, n'kumakankha mavavu kudzera pa timitengo tachitsulo. Sefa anaika ya siponji, yochapa n'kubwezeramo. Mpando wautali, wosalala. Mphamvu zake zinali zochepa, mahatchi 11 kapena kuyandikira pamenepo, koma inali injini yopirira nkhanza. Kuyambira 1976 inayamba kupangidwanso ku Manaus, ku Brazil, ndipo amene ankaitsatsa kumeneko anali Pelé.

Taganizirani bwino. Kampani imene inatchuka ndi kutchuna njinga kuti ithamange inakhala pansi n'kutchuna ina kuti ipirire umphawi. Zipangizo zomwezo, nzeru zomwezo, funso losiyana.

Kuchokera apo njira yofika kwathu inadzera ku China. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Jialing inayamba kugwira ntchito ndi Honda, ndipo mzinda wa Chongqing unasanduka likulu la njinga zamoto. Kunabadwa makampani monga Lifan, imene inayamba mu 1992, Zongshen ndi Loncin, ndipo injini ya mtundu wa CG inakoperedwa ndi mafakitale osawerengeka, ena n'kuikulitsa kufika 150cc. Mizinda ikuluikulu ya ku China itayamba kuletsa njinga zamoto m'misewu yake, monga anachitira Guangzhou mu 2007, opangawo analimbikira misika yakunja, ndipo Africa inali itatsegula manja. Ku Uganda ndi Kenya zinalowa m'bizinesi ya bodaboda, ku Nigeria ya okada. Kwathu kuno zinapeza kabaza wa njinga zakapalasa atakhazikika kale, n'kumulanda dzina ndi makasitomala omwe. Zambiri mwa njinga zachitchaina zimene mumakwera zili ndi injini ya m'banja la CG lomweli, n'chifukwa chake sipeya wa ina amalowa pa inzake. Boxer ya Bajaj ndi TVS ndi za ku India, za mtundu wina, koma zikulimbirana msika womwewo.

Kale pang'ono, m'mudzi njinga yamoto inali ya mlangizi wa zaulimi, ya wa zaumoyo, ya abambo a parishi. Yamaha kapena Honda yokhala ndi chizindikiro cha boma kapena cha bungwe. Ya munthu wamba inachuluka m'zaka za m'ma 2010, ndipo zambiri zinalowa kudzera ku Mozambique, zina mosadzera pa chipata. Kwa anthu a ku Chilwa Mozambique si dziko lakutali: malire ali tsidya la kum'mawa kwa nyanja yomweyi.

Tsono ganizirani ntchito imene njinga imakumana nayo kumeneko. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, yosaya, yopanda mtsinje wotuluka, madzi ake amcherechere. David Livingstone anaifika mu 1859, ndipo patapita zaka zambiri inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. M'zaka zabwino imapereka gawo lalikulu la nsomba za dziko lino: matemba, makumba ndi milamba, zina zogwidwa ndi asodzi okhala pa zimbowera pakati pa njedza. Mpunga wa ku sikimu ya Likangala ndi ya Domasi nawonso umafuna kutuluka. Kwa zaka zambiri zonsezi zinkatuluka pamutu, pa njinga yakapalasa yokhala ndi dengu lalikulu kumbuyo, kapena pa matola wodikira kudzaza. Nsomba yaiwisi siidikira matola. Njinga yamoto inasintha masamu amenewo: makumba ogwidwa m'mamawa angafike mu msika wa Zomba dzuwa lisanakwere. Ndipo nyanjayi ili ndi khalidwe lake. Inaphwa mu 1968, mu 1995, inatsala pang'ono mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato pa Kachulu anakhala pa matope ong'aluka, anthu akuponda ndi mapazi pamene kale ankapalasa popita ku chilumba cha Chisi. Nyanja ikathawa, mnyamata wa bwato amafuna pena popezera ndalama, ndipo masiku ano pafupi kwambiri ndi pa chishalo cha njinga.

Msewu wake mukuudziwa amene munadutsako: chilimwe fumbi, mchenga ndi timizere togwedeza mano, dzinja dothi la makande limene limamatirira pa tayala mpaka gudumu kukana kuzungulira mkati mwa madigadi. Walira mvula walira matope. Ndiye amene anakweza madigadi aja sanapenge. Othamangitsa njinga m'matope ku Ulaya amachita chimodzimodzi.

Pa sipuloketi ndi pamene makaniko wa pa bwalo ndi wa pansi pa mango amalankhula chinenero chimodzi. Tiyerekeze kuti sipuloketi yakutsogolo ili ndi mano 15, yakumbuyo 40. Ndiye kuti yakutsogolo imazungulira ka 2.67 kuti gudumu lizungulire kamodzi. Mukaika ya mano 14, nambala ija ikwera kufika 2.86, kusintha kwa pafupifupi 7 pa 100 iliyonse. Njinga imanyamuka mwamphamvu, imakoka katundu, imatuluka mumchenga, koma liwiro lapamwamba limatsika ndipo petulo imamwa wochulukirapo. Dzino limodzi kutsogolo likufanana ndi mano atatu kumbuyo. Wa pa bwalo la Kyalami ku Johannesburg amasankha mano malinga ndi makona a bwalolo. Wa pa Kachulu amasankha malinga ndi matumba a mpunga. Onse akuwerengera chinthu chimodzi, ndipo wathuyu nthawi zambiri amachipeza popanda pepala.

Pa kulemera ndi pamene akusiyana kotheratu. Wa mpikisano amakankhira kulemera kutsogolo, mahandulo otsika, thupi litagonera pathanki, kuti tayala lakutsogolo ligwire pansi. Wathu amatalikitsa kaliyala kupyola pamene pali ekiselo yakumbuyo n'kusanjikizapo madengu. Zikatero kutsogolo kumapepuka, ndipo mumchenga chiwongolero chimayamba kuvina. Mashokapu owonjezera amathandiza kuti njinga isagunde pansi ikalemedwa, zoona, koma ikakhala yopanda katundu imadumpha ngati mbuzi, ndipo nkhonya zimene masipuling'i akanameza zimapita ku felemu ndi ku masipoko. Mng'alu wa pa felemu pansi pa mpando umachokera pamenepo. Amawotcherera, ung'alukanso pambali pake.

Nkhani ya ekizozi ndiye imandipweteka mutu. Anyamata amaboola sailensa kapena kuichotsa zam'kati, n'kumati njinga yawonjezera mphamvu. Khutu limanamiza, abale. Mukatsegula ekizozi osakulitsa jeti ya mu kabuleta, injini imalandira mpweya wambiri ndi petulo wochepa, imatentha kupyola muyeso, ndipo mapeto ake ndi vavu yopsa kapena pisitoni yobooka. Wa pa bwalo akasintha ekizozi amasinthanso jeti, kenako amamasula pulagi n'kuiwerenga ngati kalata: yofiirira ngati tiyi wamkaka ndiye kuti zili bwino, yoyera mbuu petulo wachepa, yakuda bii wachuluka. Amakaniko athu akuluakulu amaidziwa kalata imeneyi. Ana awo a ntchito ambiri anangotengako phokoso. Ndivomereze chimodzi chokha: m'njira ya m'mudzi yodzaza ana, mbuzi ndi njinga zakapalasa, njinga yomveka patali ili ndi ubwino wake. Koma hutala anaipangira zomwezo.

Tibwererenso ku ndondomeko ija. Wa pa bwalo amayamba ndi matayala ndi mabuleki, injini pomaliza. Ife timayamba ndi kaliyala, sipuloketi, ekizozi, nyali zamitundumitundu ndi sipika, ndipo ndalama zimatha tisanafike ku mabuleki. Njinga zambiri zotsika mtengo zili ndi mabuleki a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo, opangidwira anthu awiri. Ife tasenzetsa anthu atatu ndi thumba la makilogalamu 50, buleki ili yomweyo, nsapato zake zitatha, nati wake atamangidwa mpaka kumapeto kwa ulusi. Dilamu ikalowa madzi ndi matope a makande imagwira mochedwa. Choopsa kwambiri ndi chikhulupiriro chakuti buleki yakutsogolo imagwetsa, moti ena saigwira n'komwe, ena chingwe chake chikaduka sagulanso china. Pa msewu wouma mphamvu zambiri zoimitsira njinga zili kutsogolo, chifukwa mukamaima kulemera konse kumathamangira kumeneko. Mumchenga imafuna dzanja lofatsa, n'zoona, koma limenelo ndi phunziro la masana amodzi. Amene anaphunzira kukwera pa bwalo la mpira Loweruka n'kuyamba kunyamula anthu Lolemba phunzirolo sanalipeze.

Zotsatira zake madokotala a mafupa akhala akuzinena poyera: ku Queen Elizabeth, ku Zomba Central, ku Kamuzu Central ndi ku chipatala cha mafupa cha LION chimene chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023, ngozi za kabaza zikutenga mabedi ochuluka. Boma lakhala likukokanakokana ndi a kabaza pa za kulembetsa njinga, laisensi, inshulansi ndi zipewa, ndipo oyendetsawo ali ndi mabungwe awo, monga MACOKASA, amene amadandaula za kukwera mtengo kwa mapepalawo. Mbali zonse zili ndi mfundo. Chimene ndimaona chikusowa pa mkanganowu ndi munthu wogwedeza gudumu uja. Pepala la nambala silifinya buleki. Ndipo masiteji a kabaza ali kale ndi matcheyamani, malamulo, zindapusa ndi ndalama za maliro. Siteji imene imatha kuletsa munthu kunyamula pasenjala chifukwa sanapereke ya tsiku ingathenso kumuletsa chifukwa tayala lake laoneka ulusi.

Mwina mukuti mwambo wa pa bwalo sungamere m'dothi lathu. Unamera kale, kungoti unalowera khomo la chipatala. M'zaka za m'ma 1980, Randy Mamola, katswiri wa mipikisano ya Grand Prix wa ku America, pamodzi ndi Andrea Coleman, amene nayenso ankathamangitsa njinga, ndi mtolankhani Barry Coleman, ankasonkhetsa ndalama pakati pa anthu a mipikisano zothandizira Save the Children. Atapita ku Somalia mu 1988, Mamola ndi Barry Coleman anakapeza njinga zopita ndi katemera kumidzi zitaunjikidwa kuseri kwa maofesi, zina zongoyenda pang'ono, zitafa chifukwa cha kasipeya kakang'ono ndi kusowa chisamaliro. Kwa anthu ozolowera kuti njinga siiyenera kufa pakati pa mpikisano, zimenezi zinali zosamveka. Mmenemo ndi mmene munabadwira bungwe la Riders for Health, limene linaima palokha mu 1996. Mfundo yake ndi ya kugalaja ya mpikisano: sinthani chinthu nthawi yake ikakwana, musadikire kuti chithyoke.

Bungweli lili kuno ku Malawi. Njinga zokhala ndi bokosi kumbuyo zimene mumakumana nazo m'misewu ya fumbi, zikutenga magazi ndi makhololo ku zipatala zing'onozing'ono kupita nazo ku malabotale a pa boma n'kubweretsa zotsatira, zambiri ndi zawo. Zimadutsa mumchenga ndi m'makande momwemo. Oyendetsa ake amaphunzitsidwa kuyendera njinga m'mawa uliwonse asanailize, motsatira mawu achingerezi akuti PLANS, amene chilembo chilichonse chikuimira chinthu chimodzi: petulo, oilo ndi mafuta a pa tcheni, kukoka tcheni ndi zingwe kuti zikhale pa muyeso, kumanga manati ndi mabawuti, ndipo chomaliza, S uja, ndi kuima, kutanthauza mabuleki ndi matayala. Zonsezo zimatenga mphindi zochepa, sipanala ziwiri ndi kansanza.